Simenti Ikuuma, a Phiri

Sewero la pawailesi

OSEWERA
A PHIRI: mwini maboti awiri ndi khoka, wapampando wa komiti ya asodzi ya padoko (BVC)
NABANDA: mneba wawo, woyanika usipa ndi kuluka mphasa, mlembi wa komiti yomweyo

MALO: Doko lina la asodzi kumwera kwa boma la Nkhotakota, chakufupi ndi pamene madzi a ku Chia amakumana ndi nyanja. Mwezi wa Novembala, m'mawa.

(Mafunde akuomba pang'onopang'ono. Nkhwazi ikulira chapatali. Kenaka wilibala youma gudumu: kwii, kwii, kwii. Gu! Yagunda mtengo.)

NABANDA: A Phiri! Inu a Phiri! Wilibalayo mwaimana ndi dontho lomwe la mafuta? Mwadzutsa mudzi wonse.

A PHIRI: Mwadzuka bwanji Anabanda?

NABANDA: Ndadzutsidwa. Kaya inu.

A PHIRI: Ife tadzuka tambala woyamba. Chitukuko sichidikira ogona.

NABANDA: Chitukukocho n'chimene chagunda thandala langa? Taonani, usipa wanga uli pamchenga.

A PHIRI: Unayi wokha. Tolani mukunthe. Makasitomala anu a ku Lilongwe anazolowera kale kutafuna mchenga.

NABANDA: Pakamwa panupo! Nanga miyalayi mukupita nayo kuti?

A PHIRI: Padoko. Lero tikuyamba. Ife a makoka nyanja atitsekera pa 1 Novembala, anyamata anga angokhala pansi pa mango kumatha bawo. Ndati m'malo mongodya nsima yanga, akumbe maziko. Tithira simenti kuchokera kumtunda mpaka m'madzi, boti lizingotsetsereka lokha. Bango lonse lakumanzereku tizula. Kadambo kali kuseri kwakeko tikwirira ndi dothi, magalimoto a ogula nsomba aziima pouma. Pofika Khirisimasi anthu azidzabwera kudzajambulitsa.

NABANDA: Ehe. Nanga pepala?

A PHIRI: Pepala lanji?

NABANDA: Chilolezo.

A PHIRI: Amfumu anavomera. Ndinapita ndekha, tambala wofiira ali kukhwapa.

NABANDA: Tambalayo anadyedwa, fungo tinalimva. Koma amfumu anavomera kuti tikonze doko, sanati tikwirire dambo. Ndipo ngakhale akanatero, nkhani ya dambo sithera pabwalo la amfumu. Alangizi a zachilengedwe a kukhonsolo anafotokoza zonse pamsonkhano uja. Munalipo.

A PHIRI: Ndinalipo, kutsogolo kwenikweni.

NABANDA: Kutsogolo, maso ali tseke, kukamwa kuli yasa.

A PHIRI: Ndinkasinkhasinkha.

NABANDA: Munasinkhasinkha mpaka ana kuyamba kuseka mkonono. Ndiye poti maminitsi ndinalemba ndine, tamverani. Pali lamulo loyang'anira zachilengedwe la chaka cha 2017. Lisanabwere limeneli kunali la 1996, ndiye musanene kuti ndi zachilendo. La 2017 ndilo linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Ntchito yokhudza dambo ndi gombe ngati yanuyi, mumayamba mwalemba chikalata chachidule: mukufuna kumanga chiyani, pati, chachikulu bwanji, chikhudza chiyani. Iwo akachiona amakuuzani ngati pakufunika kafukufuku wamkulu wa momwe ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu, kapena ngati ndondomeko chabe ya kasamalidwe ka malowo ikukwana. Akavomereza, m'pamene mumagwira fosholo.

A PHIRI: Mwatha?

NABANDA: Ndikupuma chabe.

A PHIRI: Anabanda, MEPA ili ku Lilongwe. Ku Lilongwe kuli nyanja?

NABANDA: Kulibe.

A PHIRI: Nanga munthu woti madzi amangowaona akutuluka mumpope adziwa bwanji poyenera kukocheza boti langa?

NABANDA: N'chifukwa chake lamulo limati afunse anthu okhudzidwa. Amabwera kudzamva maganizo athu. Tsoka lake n'lakuti akadzabwera inu mudzakhala mukusinkhasinkha.

A PHIRI: Komanso ine sindikumanga chatsopano, ndikukonza. Masitepe analipo kale, anagumuka ndi madzi a 2024. Munthu akamasoka chigamba pa buluku amakapempha chilolezo kuboma?

NABANDA: Chigamba chanucho chaposa buluku. Masitepe akale boti limodzi linkadzaza. Inu zikhomo mwakhoma kuyambira pa mgwalangwa mpaka kuseri kwa bango. Ndaziona usiku, china ndapunthwa nacho.

A PHIRI: Usiku mumakatani kumeneko?

NABANDA: Zimenezo si za komiti.

A PHIRI: Tamverani kuno. Nkhotakota inatchuka ndi doko inu ndi MEPA yanuyo musanabadwe. Jumbe ankakocheza zombo zake zamatanga ku Linga kuja, kuseri kwa Sungu. Anasaina fomu ya yani?

NABANDA: Mboni mwasankha yabwino! Zombo za Jumbe Salim bin Abdullah zinkanyamula chiyani, a Phiri? Usipa?

A PHIRI: Eee... minyanga.

NABANDA: Ndi anthu. Azigogo a anthu, magoli ali m'khosi, kuwawolotsera kutsidya. Mpaka Livingstone kudzakhala naye pansi pa mtengo uja mu 1863, kumuchonderera kuti asiye. Ameneyo ndiye akanayenera kufunsidwa mafomu mpaka dzanja kutopa.

A PHIRI: Koma mpunga anabweretsa. Faya mumadya ndi chamboyo.

NABANDA: Mpungawo ndadya, zikomo. Tibwerere kubango.

A PHIRI: Ayi, dikirani, inenso ndilankhule. Ilala munakwerapo?

NABANDA: Ndinakwerapo popita ku Likoma.

A PHIRI: Sitima yoti yakhala ikuyenda panyanja pano kuyambira 1951. Ikafika ku Nkhotakota imaima patali, anthu n'kumatsikira m'timaboti, katundu pamutu, mwana kumsana, mwera ukuomba. Ngati paboma zili choncho, ife kuno atikumbukira ndani? Chaka chatha mayi wodwala uja tinachita kumunyamula pamapewa, madzi m'chiuno, miyala ikuterera. Boti langa laling'ono linabooka pansi pa zigumukire za masitepe omwewa. Inu nomwe beseni la usipa linakupulumukani pomwepa, munalira mpaka a kumsika kubwera kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Doko likufunika kapena silikufunika?

NABANDA: Likufunika. Ndinasonkha nawo, dzina langa lili pachiwiri m'kope. Sindikukana doko ine. Ndikukana kuzula bango.

A PHIRI: Bango n'chiyani? Udzu basi. Mobisalamo ng'ona ndi udzudzu.

NABANDA: Kodi nyanja aitsekeranji mwezi uno?

A PHIRI: Kuti chambo chiswane. Ndine wapampando ine, musandilembetse mayeso.

NABANDA: Chikaswa, ana chimawasunga kuti?

A PHIRI: M'kamwa. Ndi mwana yemwe amadziwa. Chachimuna chimakonza chisa pamchenga pansi pa madzi, chachikazi chimaikira mazira n'kuwatola, kuwafungatira m'kamwa mpaka aswe.

NABANDA: Akakulako pang'ono chimakawalavula kuti?

A PHIRI: M'madzi osaya.

NABANDA: Mmene muli chiyani?

A PHIRI: Muli... zomera.

NABANDA: Tchulani dzina, awapampando.

A PHIRI: (motsitsa mawu) Bango.

NABANDA: Sindinamve, mafunde akusokosa.

A PHIRI: Bango! Ndati bango!

NABANDA: Kasawala amakulira mmenemo, kubisala mcheni ndi mbalame. Inu nomwe mwezi wathawu munalanda maneti a udzudzu kwa ana aja, n'kuwawotcha pamaso pa mudzi wonse, mukukuwa kuti akupha chambo cha mawa. Anawo anapha kasawala wodzaza kachidebe. Inu mukufuna kuzula pogona pake penipeni n'kuthirapo simenti, mwezi womwewo umene boma latseka nyanja. Tikuwotchereni chiyani inuyo?

A PHIRI: Kachidutswa chabe, Anabanda. Ku Chia bango ndi losatha. Thamanda lonse lija, masikweya kilomita 17, lingaone kuti ine ndazulako mikono ingapo kuno?

NABANDA: Aliyense akuti kachidutswa chabe. Wa mpunga kachidutswa, wa loji kachidutswa, woumba njerwa kachidutswa. Kaimeni pa mlatho wa Chia pamsewu wa M5, muone chambo chimene akukweza m'mwamba basi ikaima, mufanizire ndi chimene tinkaona tili ana. Ndiponso matope amene Lifuliza ndi Likoa amatsitsa kuchokera kumapiri a Ntchisi mvula ikagwa, amatsakamira pa chiyani asanakakwirire mchenga umene chambo chimamangapo zisa? Si bango ndi gumbwa? Anzanu ku Mbenje, kwa a Makanjira ku Salima, anayamba kudzitsekera okha chilumba m'zaka za m'ma 1950, osadikira kalata ya boma. Utaka wakumeneko mumauyamikira nokha.

A PHIRI: Ku Mbenje salola mowa, salola juga, salola akazi.

NABANDA: Ndiye?

A PHIRI: Ndiye n'chifukwa chake kuli mtendere. Kulibe Nabanda.

NABANDA: Kulibenso a Phiri, poti mowa saloleza.

A PHIRI: (kutsokomola) Chabwino. Poti mwasanduka loya wa bango, ndikufunseni. Mphasa zili pakhonde panuzo mumalukira chiyani? Pulasitiki?

NABANDA: Bango.

A PHIRI: Mumalitenga kuti? Kusitolo?

NABANDA: Ndimadula lokhwima, m'chilimwe, mizu n'kuisiya. Mvula ikagwa limaphukanso. Simenti yanuyo inaphukapo?

A PHIRI: Nanga dimba la mpunga lija? Chaka chilichonse limasunthira kudambo phazi limodzi. Mumayesa sitiona? Linayamba lili pa chulu, lero lafika pamene mvuu zimatulukira. Kenaka mumabwera kwa ine usiku, "A Phiri, mvuu zandidyera mpunga, tumizani anyamata aziimba zitini."

NABANDA: Dimbalo ndi la malemu amayi anga.

A PHIRI: Malemu amayi anu ankalima pa chulu. Kuyenda linayamba ndi inu.

NABANDA: Mpunga si simenti.

A PHIRI: Nanga nkhuni zowambira mlamba mumazitenga kuti? Ndikatchule?

NABANDA: Tsitsani mawu! Tikukamba za doko.

A PHIRI: Eyaa! Zikafika kwanu ndiye tikukamba za doko.

NABANDA: Za dimba ndikayankha ndekha akadzandifunsa. Inu muli ndi mlandu wina umene simunaumve. Chilolezo si chimodzi.

A PHIRI: Mayo ine!

NABANDA: Palinso lamulo la madzi la 2013, ndi bungwe lake la National Water Resources Authority. Iwowo amati m'mbali mwa nyanja ino muli mzere wa mamita 477. Kumunsi kwa mzere umenewo ndi malo a nyanja, simungangodzuka n'kumangapo.

A PHIRI: Mamita 477 kuchokera pati? Ndiyambe kuwerenga mapazi kuchokera pamadzi pano? Ndikafikatu kumsewu wa tala.

NABANDA: Si mtunda wopita kumsewu. Ndi kukwera kwa malo, kuyezera pa nyanja yamchere.

A PHIRI: Yamchere iti?

NABANDA: Ya ku Beira konko.

A PHIRI: Ndiye ine, munthu wamkulu, ndinyamule tepi ndikayambire ku Beira, kuti ndimange masitepe pakhomo panga?

NABANDA: Alipo odziwa kuyeza, ali ndi zipangizo zake. Inu ingokumbukirani 1980. Munali mnyamata, mukupalasa bwato la malume anu. Madzi anafika pati?

A PHIRI: Anafika pa mtondo uja. Tinkamangirira bwato kunthambi.

NABANDA: Chaka chimenecho nyanja inadutsa mamita 477. Kenaka inaphwera zaka zambiri, anthu n'kuiwala, n'kumamanga pamchenga. Mu 2024 inabweranso, inadutsa 476, malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi kuno komwe madzi mpaka m'zipinda. Madzi saiwala khwawa, a Phiri.

A PHIRI: Zimene zija anachititsa ndi a ku Liwonde. Anatseka zitseko za pa baraji kuti magetsi a ku Nkula asazime, ife kuno n'kumamira.

NABANDA: Baraji imagwirako madzi, inde. Koma mvula yogwa kumpoto ndi ku Tanzania, yodzaza Songwe, Rukuru ndi Ruhuhu, anaigwetsa ndi a ku Liwonde? Madzi osefukira amene anasamutsa anthu ku Dwangwa mu Febuluwale 2024, anatsegula ndi a ku Liwonde? Ndipo akati atsegule zitseko zonse kuti chimbudzi chanu chipulumuke, a ku Chikwawa ndi ku Nsanje alowere kuti?

A PHIRI: Chimbudzi changa chisiyeni. Chinapita mwaulemu.

NABANDA: Chinapita chikuyandama, chitseko chili chotseka, ana akuchiperekeza ndi nyimbo. Koma nyumba yanu inatsala. Mukudziwa chifukwa chake? Nyumba zitatu zakumpoto zija, zoyang'ana pamtetete, mafunde anazikumba kunsi mpaka kugwa. Yanu ndi yanga zili kuseri kwa bango. Mafunde ankafika atathera mphamvu mmenemo. Lero mukuti mulizule.

(Chete pang'ono. Mafunde. Nkhuku ikutetera.)

A PHIRI: Ndiye mzere wanuwo ukudutsa pati?

NABANDA: Ngati madzi a 1980 anafika pa mtondo, ganizani nokha.

A PHIRI: Ndiye kuti nyumba yanga ili m'nyanja.

NABANDA: Khitchini yokha ndi khola la abakha.

A PHIRI: Yanu ndiye ili kumunsi kwa yanga.

NABANDA: N'chifukwa chake ndikuti tsitsani mawu.

A PHIRI: Ha! Tikaitana anthu amenewa kuti adzaone doko, adzaona zambiri.

NABANDA: Adzaona. Koma doko malo ake ndi m'madzi, palibe angakuuzeni kuti mukalimange pa phiri. Chimene akufuna n'kudziwa kuti mulimanga motani. Mukayamba mobisa, ndiye adzabwera ndi kalata yoimitsa ntchito, mwina ndi chindapusa pamwamba. Ntchito yopopa madzi kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe, ya mabiliyoni, inakokeredwa kukhoti mu 2017 pa nkhani yomweyi ya kafukufuku wa zachilengedwe. Inu ndi wilibala yoliralirayi mungalimbe?

A PHIRI: Koma zimenezi zitenga nthawi yaitali bwanji?

NABANDA: Kuona maso a nkhono n'kudekha.

A PHIRI: Nkhono ilibe simenti, Anabanda! Ine ndili ndi matumba 40!

NABANDA: Mwagula kale?

A PHIRI: Ndinaona kuti mtengo ukukwera tsiku ndi tsiku. Ndinati ndipulumutse ndalama za gulu.

NABANDA: Munagula liti? Komiti sinakhale pansi.

A PHIRI: Mu... mu Juni.

NABANDA: Mu Juni! Nthawi ya mwera! Mwasunga kuti?

A PHIRI: Pabwino.

NABANDA: Kuti, a Phiri?

A PHIRI: Pansi pa boti lobooka lija. Ndinalivundikira. Ndinayalanso lona.

NABANDA: Pamchenga? Pamene mafunde amathovokera usiku wonse? Tiyeni.

A PHIRI: Musavutike, ndinaona dzana, ili bwinobwino.

NABANDA: Ndati tiyeni!

(Mapazi pamchenga. Lona ikukokedwa: fwaa! Kenaka kugogoda: go, go, go.)

NABANDA: Imeneyi ndi simenti kapena mwala wa pamanda?

A PHIRI: Yangolimba pamwamba. M'kati ndi ufa.

(Go, go, go. Chitsulo chikulira: ngwee!)

NABANDA: Khasu langa lapindika! A Phiri, ndalama zanga! Mphasa zingati ndinaluka kuti ndisonkhe? Amayi a pathandala anasonkha, alovi anasonkha, ndi agogo aja ogulitsa zitumbuwa anamasula mfundo ya chitenje!

A PHIRI: Musakuwe, chonde, mlongo wanga.

NABANDA: Lero ndasanduka mlongo wanu?

A PHIRI: Werengani bwino. Ouma ndi a pansi okha, 12. Enawa akadali moyo. N'chifukwa chake ndimafulumira, kuti ndiwathire asanatsatire anzawo. Ndipo oumawo sanatayike. Tiwayala m'madzi momwemo, akhala masitepe okonzakonza.

NABANDA: Ndiye chitukuko chonse chodzuka tambala woyamba chija, kunali kukwirira mlandu?

A PHIRI: Kunali kufulumizitsa ntchito.

NABANDA: Ndikalemba m'maminitsi.

A PHIRI: Anabanda, taganizani. Ine ndi inu tachokera kutali. Denga lanu litasasuka ndi mpoto anakwerapo ndani? Mwana wanu atadwala usiku, boti linapita naye kuboma linali la yani? Mafuta ndinakulipiritsani?

NABANDA: Theka.

A PHIRI: Theka si onse.

NABANDA: Mverani tsono. Matumba 28 amoyowo achoke pano lero, akakhale m'nyumba mwanu pa matabwa, inu muzigona pakhonde ngati malo achepa. Nthawi yodikira chilolezo ikatalika, tiwagulitsa kwa omanga tchalitchi, ndalama ibwerere m'bokosi. A 12 oumawo mubweza nokha nyanja akatsegula. Ndipo lero lomwe tikhala pansi tilembe chikalata, mawa tikachipereke kwa alangizi a kukhonsolo atithandize njira yake.

A PHIRI: Maminitsi?

NABANDA: Ndilemba kuti wapampando anagula simenti mwachangu chifukwa chokonda mudzi.

A PHIRI: Mulungu akudalitseni.

NABANDA: Ndi kuti ina inauma chifukwa cha nzeru zake.

A PHIRI: Mzere umenewo ulembedwe ndi pensulo.

(Mapepala akuphwanyika. Mpando ukukokedwa.)

NABANDA: Nenani. Dzina la ntchito.

A PHIRI: Lembani: Doko Lamakono la Phiri.

NABANDA: Kukonza doko la mudzi. Kukula kwake?

A PHIRI: Maboti 6 nthawi imodzi.

NABANDA: Awiri. Enawo azidikirana, si ukwati. Malo?

A PHIRI: Apo ndiye pali nkhani. Mwati bango tisakhudze.

NABANDA: Ngakhale tsinde limodzi.

A PHIRI: Dambo tisakwirire.

NABANDA: Magalimoto aziima kumsewu, ogula ali ndi miyendo.

A PHIRI: Pa masitepe akale m'pothina, ndipo mchenga umadzazapo chaka chilichonse. Alangizi aja anati posankha malo tiyang'ane pamene palibe zomera, pamene pansi m'polimba, pamene madzi amazama msanga kuti tisachite kukumba.

NABANDA: Munamva bwanji muli mtulo?

A PHIRI: Ndinakuuzani kuti ndinkasinkhasinkha. Ndiye pagombe lonse lino, malo otero ndi amodzi okha. Kumanja kuno. Pamchenga woyera uwu.

NABANDA: Pati?

A PHIRI: Pamene mwakhalapo.

NABANDA: Pano pali thandala langa.

A PHIRI: Ee.

NABANDA: Mathandala anga atatu, a Phiri! Ndakhala ndikuyanika pano chimangireni banja!

A PHIRI: Thandala ndi mitengo inayi ndi ukonde. Mukazula lero, mawa mwadzala pena. Limaphukanso.

NABANDA: Pena pake pati? Kumtunda kuja kuli mthunzi wa mango, usipa suuma. Komanso agalu.

A PHIRI: Kasawala, Anabanda. Ganizirani kasawala. Chambo cha mawa.

NABANDA: Komatu... bango lakumanzerelo silonse lili ndi kasawala. Chakumapeto kuja n'louma kale. Mutazulako pang'ono chabe...

A PHIRI: Kachidutswa?

NABANDA: Kachidutswa chabe.

A PHIRI: Hehede! Anthuni bwerani mudzamve! Loya wa bango wagulidwa ndi usipa!

NABANDA: Khalani chete! Sindinati muzule, ndimangoganiza mokweza.

A PHIRI: Lembani malowo. Kumanja, pamchenga woyera.

NABANDA: Ndilemba, koma pali gawo lina. Anati chikalata chizinena anthu amene ntchitoyo iwasokoneze, ndi momwe athandizidwire.

A PHIRI: Palibe amene asokonezeke. Lembani kuti palibe.

NABANDA: (akulemba, akutchula) Woyamba, Nabanda. Mathandala atatu. Amangiridwe ena atsopano pamalo a dzuwa, ntchito isanayambe.

A PHIRI: Amange ndani?

NABANDA: Anyamata anu akutha bawo aja. Mitengo yake ya bulugamu, yogula, osati yakuba m'nkhalango. Ukonde watsopano.

A PHIRI: Mathandala anuwo ndi awiri ndi theka. Lachitatulo linathyoka mwendo.

NABANDA: Mwalithyola ndinu m'mawa uno. Atatu. Wachiwiri wosokonezeka?

A PHIRI: Lembani Phiri. Watayikidwa matumba 12.

NABANDA: Ameneyo wadzisokoneza yekha, fomu ilibe malo ake. Za thiransipoti ya mawa, minibasi mulipira ndinu.

A PHIRI: Tipita pa njinga yanga. Ndikukwezani.

NABANDA: Makilomita oposa 20 pa keriyala yopanda siponji? Ndikafike kukhonsolo ndikutsimphina?

A PHIRI: Ndiye tipite pa boti.

NABANDA: Liti? Lobooka, kapena lopanda mafuta?

A PHIRI: Theka theka minibasi.

NABANDA: Inu kupita ndi kubwera, ine ndigula mandasi.

A PHIRI: Angati?

NABANDA: Awiri.

A PHIRI: Aliyense?

NABANDA: Onse ndi anga. Sainani apa.

A PHIRI: Magalasi ndasiya kunyumba. Mwalemba chiyani pansipa? Ndikuona ngati mawu achuluka.

NABANDA: Zomwe tagwirizana.

A PHIRI: Ichi chikuoneka ngati "khasu".

NABANDA: Khasu latsopano, inde. Lija lapindika pa simenti yanu.

A PHIRI: Khasu likulowa bwanji m'chikalata cha MEPA?

NABANDA: Ndi katundu woonongeka ndi ntchitoyi. Sainani, a Phiri, dzuwa lakwera, usipa wanga ukufuna kutembenuza.

A PHIRI: Ndisaina, koma dimba loyenda lija lilowenso. Lembani: pafupi ndi malowa pali dimba la mpunga limene likulowa m'dambo.

NABANDA: Inki yatha.

A PHIRI: Ndili ndi bolopeni ina m'thumba.

NABANDA: Pepala latha.

A PHIRI: Tembenuzani kuseri!

(Mapepala akulimbiranidwa. Mpando wagwa. Abakha akubalalika. Nyimbo yotsekera.)